Amalume, N'chifukwa Chiyani? Zolemba za Ulendo wa ku London ndi Paris

Lolemba, m'ndege

Ndikulemba tili m'mwamba, magetsi atazimitsidwa, anthu ambiri akuliza mkonono. Ndikuperekeza muphwa wanga wazaka 10 ku London kwa mayi ake, achemwali anga, amene akuchita maphunziro kumeneko. Tisanakwere tinapangana kuti iye azifunsa chilichonse chomwe chamufikira m'mutu, chanzeru kaya chopanda mutu, ine ndiziyankha zenizeni. Mawu aja timathamangitsira ana, akuti "zili choncho basi" ndi "udzadziwa ukadzakula", taaletsa pa ulendo wonse.

Sanachedwe. Ndege itangokhazikika, anandikodola n'kunong'ona: "Amalume, zenera langa n'lobooka. Tiwauze?"

Kabowoko kalipodi, m'munsi mwa zenera, ndipo anachita kukaboola dala. Zenera la ndege lili ndi magalasi atatu. Kuno ku makilomita 11 kuchokera pansi, mpweya wakunja ndi wochepa zedi, sufika n'komwe gawo limodzi mwa magawo anayi a mpweya wa m'mphepete mwa nyanja, ndiye m'ndegemu amachita kupoperamo mpweya kuti ufanane ndi wa pamwamba pa phiri la mamita 2,000 kapena kuposerapo pang'ono. Mpweya wopoperedwawo umakankha makoma ndi mazenera kufuna potulukira. Kabowo kali pa galasi lapakati, ndipo kamalola mpweya kudutsa kuti galasi lakunja lokha ndilo lizilimbana ndi kukankhako, lapakati lizingodikira kuti ligwire ntchito lakunja likasweka. Kamathandizanso kuti nthunzi isamate pa zenera.

Nanga bwanji mazenerawa alibe makona? Yankho la limeneli linagulidwa ndi miyoyo ya anthu. Ndege yoyamba ya jeti kunyamula anthu inali Comet ya ku Britain, yomwe inayamba maulendo mu 1952. Mu 1954 ziwiri zinaphwasuka zili m'mwamba pafupi ndi Italy. Akatswiri a ndege a ku Farnborough, ku England, anatenga thunthu la Comet ina, kuliika m'thanki ya madzi, n'kumalipopa ndi kuliphwetsa kambirimbiri mpaka linang'ambika. Anapeza kuti ming'alu imayambira m'makona a malo obooledwa, monga mmene nsalu imang'ambikira pomwe mwaidula pang'ono ndi lumo. Kuchokera pamenepo, chilichonse chobooledwa pa thunthu la ndege amachizunguliza bwino m'makona.

Kenako anafuna kudziwa ngati atadumpha pakati pa mipando ndege singamusiye m'malere iye n'kukamenyeka kukhoma lakumbuyo, popeza ikuthamanga makilomita pafupifupi 900 pa ola. Singamusiye, chifukwa iyenso akuthamanga liwiro lomwelo, pamodzi ndi mpando, mpweya ndi kapu ya madzi. Galileo analemba zimenezi mu 1632 ndege kulibe. Anati munthu adzitsekere m'chipinda cha pansi m'sitima yapamadzi ali ndi ntchentche, nsomba m'mbale ndi botolo lodontha. Sitimayo ikamayenda mosagwedezeka komanso mosasintha liwiro, ntchentche ziuluka mwa masiku onse, madontho agwera pomwe amagwera, ndipo munthuyo sangadziwe ngati akuyenda kapena waima. Thupi limamva kusintha kwa liwiro kokha, n'chifukwa chake ponyamuka tinakanikizidwira kumpando koma pano palibe chomwe tikumva.

La chimbudzi silinalephere. Ayi, za m'chimbudzi sizigwera anthu pansi. Zimayamwidwa ndi mpweya kupita m'thanki, ndipo galimoto imadzapopa ndege ikatera.

Lachiwiri, London

Tulo tochepa, koma achemwali anati kugona masana ndiko kumasokoneza thupi, ndiye tinatuluka. Tili pa siteshoni ya pansi pa nthaka, mphepo inatiwomba kumaso sitima isanaoneke. Mwana anadabwa kuti mphepo ikuchokera kuti kuno kopanda thambo. Njira zakuya za sitimazi n'zothina, sitima imangokwanamo ndendende, motero imakankha mpweya wonse uli patsogolo pake. Njanji yoyamba ya pansi pa nthaka inatsegulidwa mumzinda uno mu Januwale 1863, kuchokera ku Paddington kukafika ku Farringdon, ndipo sitima zake zinali za malasha. Utsi wake tangouganizani.

Funso la lero lenileni linabwera ku Soho, mumsewu wa Broadwick, pomwe pali mjigo wachitsulo wakuda m'mbali mwa msewu. "Amalume, mjigo wopanda chogwirira anthu amapopa bwanji? Anaba?"

Sanabe. Mjigowu ndi chikumbutso chabe, ndipo anausiya wopanda chogwirira mwadala. Kumapeto kwa Ogasiti 1854 kolera inabuka m'dera limeneli n'kupha anthu oposa 500 m'masiku khumi okha. Akuluakulu a nthawiyo, madokotala omwe, ankakhulupirira kuti kolera imabwera ndi fungo loipa la mumpweya. Dokotala wina, John Snow, anakayikira madzi. Anayenda khomo ndi khomo kufunsa funso limene ambiri ankaliona ngati lopanda pake pakati pa maliro: kodi malemuwa ankatunga kuti? Anapeza kuti imfa zaunjikana mozungulira mjigo wa mumsewu uno, womwe pa nthawiyo unkatchedwa Broad Street.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi n'chakuti Snow sanangowerenga omwe anafa, anafufuzanso omwe anayenera kufa koma sanafe. Ogwira ntchito pa fakitale ya mowa ya mumsewu womwewo anapulumuka, chifukwa ankapatsidwa mowa kuntchito ndipo fakitaleyo inali ndi chitsime chakechake. Anafufuzanso mayi wina wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndi kuno, amene anamwalira ndi kolera. Zinapezeka kuti ankachita kutumitsa madzi a pa mjigo uno chifukwa ankawakonda kakomedwe. Pa 8 Seputembala chogwirira chinachotsedwa. Kunena zoona, mliri unali utayamba kale kuchepa chifukwa anthu ambiri anali atathawa, ndipo Snow mwiniwake sanabise zimenezo. Pambuyo pake mbusa Henry Whitehead, yemwe poyamba ankatsutsa Snow, ndiye anathandiza kupeza gwero: dzenje la zonyansa lomwe linali pafupi kwambiri ndi chitsime, m'mene ankatayamo madzi ochapira matewera a khanda lodwala.

Mwana anafunsa ngati Snow anapatsidwa mphoto. Akuluakulu anabwezeretsa chogwirira n'kupitiriza kukhulupirira za fungo. Snow anamwalira mu 1858, chaka chomwe mtsinje wa Thames unanunkha mpaka aphungu kusowa mtendere m'Nyumba ya Malamulo. Fungolo ndilo linawachititsa kutulutsa ndalama zoti Joseph Bazalgette amange ngalande zazikulu za zonyansa. Anachita chinthu choyenera pa chifukwa cholakwika, koma kolera inathabe mumzindawu.

Lachitatu, Greenwich

Tinapita pa boti. Tisanafike patali, mwana anaona kuti mtsinje ukuyenda chobwerera, kuchoka kunyanja kulowera kumtunda. Maso ake sanamunamize. Thames wa mu London amakwera ndi kutsika pamodzi ndi nyanja, ndipo nthawi zina kusiyana kwake kumafika mamita 7. Mwezi ndiwo umakoka, dzuwa n'kumathandizira. Chovuta kufotokoza n'chakuti madzi amakwera kawiri pa tsiku pamene mwezi ndi umodzi. Mwezi umakoka kwambiri madzi a mbali yomwe yayang'anizana nawo, umakoka pang'ono dziko lenilenilo, ndipo madzi a kuseri umawakoka mochepa kuposa zonse, motero amatsalira. Ndiye pamakhala zotupa ziwiri, china kuno china kuseri, ndipo madzi amadzaza pakapita maola 12 ndi mphindi 25.

Pamwamba pa kaphiri pali nyumba yoonera nyenyezi yomwe Mfumu Charles II inakhazikitsa mu 1675. Pabwalo pake pali mzere wachitsulo wa ziro, poyambira kuwerengera madigiri a kummawa ndi kumadzulo pa mapu, pomwe alendo amafola kuti ajambulitse mwendo wina uli kummawa wina kumadzulo kwa dziko. Ifenso tinafola, tisaname. Koma muphwa wanga anatenga foni ya mayi ake, kuiika pamzere penipeni, n'kupeza kuti siikulemba ziro. "Ndiye wonama ndani, foni kapena mzere?"

Palibe wonama. Ziro ya GPS ili mamita 102 kummawa kwa mzerewu, pa kapinga pomwe palibe amene amajambulitsa. Mzere wakalewu unachokera pa telesikopu ya George Airy ya mu 1851, ndipo pofuna kudziwa kumwamba kwenikweni ankagwiritsa ntchito mbale ya mercury, chitsulo chamadzimadzi chija. Koma dziko si lolemera mofanana paliponse, ndiye mphamvu yake yokoka pa malo ano ndi yopendekeka pang'ono, n'kupendeketsanso mbaleyo. Masetilaiti sadalira mbale, amayeza kuchokera pakatikati pa dziko.

Nanga anasankha kuti ziro ikhale pano ndani? Nthumwi za mayiko 25 zinakumana ku Washington mu 1884. Mayiko 22 anavomera Greenwich, San Domingo anakana, France ndi Brazil sanavote. Chifukwa chachikulu chinali malonda: sitima zambiri zapamadzi zinali zikugwiritsa kale ntchito mapu owerengera kuchokera ku Greenwich. Afalansa anaumirira nthawi ya Paris mpaka 1911.

1 koloko itatsala pang'ono, mpira wofiira wa padenga unakwera pa mtengo wake, ndipo nthawi itakwana unagwa. Wakhala ukutero kuyambira 1833, kuti oyendetsa sitima za pamtsinje azikonzera mawotchi awo. Apa ndiye panabwera funso limene linatidyera masana onse: woyendetsa sitima wotchi ya chiyani, akuchedwa kusukulu?

Wotchi inali yomuuza kumene ali. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndiye kuti digiri imodzi pa mphindi zinayi. Mlinyero akaona dzuwa lili paliwombo pomwe iye ali, wotchi yosunga nthawi ya Greenwich n'kumanena kuti ndi 2 koloko, amadziwa kuti ali madigiri 30 kumadzulo. Masamu ake ndi ophweka. Vuto linali kupanga wotchi yoti isasokonezeke ndi mafunde, chinyezi, kutentha ndi kuzizira kwa miyezi yambiri, pakuti kulakwitsa ndi mphindi zinayi zokha pa ikweta ndi kusochera makilomita 111. Mu 1707 sitima zinayi zankhondo za Britain zinawomba miyala ya ku Scilly, amuna oposa 1,400 n'kumira. Mu 1714 Nyumba ya Malamulo inalonjeza mapaundi 20,000 kwa amene angathetse vuto lodziwa malo panyanja.

Amene analithetsa anali kalipentala wosapita kuyunivesite, John Harrison. Mawotchi ake ali m'chipinda chimodzi pano. Atatu oyambawo ndi zimphona zamkuwa zomwe zimagwedeza mikono uku ndi uku, ndipo mwana anawakonda kwambiri. Wachinayi, wa mu 1759, ndi wamng'ono, masentimita 13 okha, ndipo ambiri amangomudutsa. Komatu ndi ameneyo anapita ku Jamaica mu 1761 n'kupezeka kuti wataya masekondi asanu okha. Ngakhale zinali choncho akuluakulu anamuzunguza Harrison zaka zambiri, mpaka Mfumu George III inalowererapo, ndipo analandira ndalama zotsala mu 1773 ali nkhalamba ya zaka 80. Ine ndikuona kuti chinawavuta sichinali wotchi, koma kuvomera kuti mmisiri wamatabwa wapambana akatswiri a nyenyezi.

Potsika kaphiri anafunsa chifukwa chimene mivi ya wotchi imazungulira mbali imodzi yokhayo. Mawotchi a mivi anayambira ku Ulaya, ndipo anatengera kayendedwe ka mthunzi wa kamtengo kozikidwa pansi, komwe anthu ankaonera nthawi. Kumpoto kwa dziko mthunziwo umazungulira mbali imeneyo. Ku Cape Town kapena ku Sydney umazungulira mosemphana.

Madzulo, ali kale m'bulangete, anaponya lomaliza: kodi lilipo tsiku lomwe sipanabadwe munthu? Ku Britain alipo 11. Mu 1752 anthu anagona Lachitatu pa 2 Seputembala n'kudzuka Lachinayi pa 14 Seputembala. Kalendala yakale ya Julius Caesar inkatalikitsa chaka ndi mphindi 11, zomwe zimakwana tsiku lathunthu pa zaka 128 zilizonse. Papa Gregory XIII anakonza zimenezi mu 1582, koma Britain, posafuna kumvera Papa, inadikira zaka 170. Achemwali anawonjezera kuti n'chifukwa chake chaka cha msonkho kuno chimayamba tsiku losadziwika bwino la 6 Epulo, pakuti kale chaka chinkayamba pa 25 Malichi, ndipo tsikulo linasunthira kutsogolo kalendala itasintha.

Lachinayi, London

M'mawa tinali ku Natural History Museum. Ukangolowa, pamwamba pako palendewera mafupa a namgumi wotalika mamita 25, amene anatsakamira pagombe la Wexford ku Ireland mu 1891. Funso linali lodziwikiratu: angandimeze? Mkamwa mwake munthu angakwanemo bwinobwino, koma kummero n'kopapatiza, chifukwa chimphona chimenechi chimadya tinyama ting'onoting'ono tonga nkhanu tomwe chimasefa m'madzi.

Lotsatira linali labwino kuposa: bwanji kulibe nyerere yaikulu ngati njovu? Chinthu ukachikulitsa kawiri m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, kulemera kwake kumawonjezeka kasanu ndi katatu, pamene kunenepa kwa mwendo wochinyamula kumangowonjezeka kanayi. Ukapitiriza, miyendo imathyoka. N'chifukwa chake njovu ili ndi miyendo ngati mizati ndipo siidumpha, pamene namgumi wakula kuposa zonse poti madzi ndiwo amamunyamula. Galileo yemwe uja anafotokoza zimenezi mu 1638, mpaka anajambula fupa la nyama yaing'ono pambali pa fupa lonenepa modabwitsa lomwe nyama yaikulu ingafunike. Nyerere ilinso ndi vuto lina: ilibe mapapo, imapumira timachubu ta m'thupi, ndipo njira imeneyi siingafikitse mpweya m'kati mwa thupi lalikulu.

Masana tinapita ku Royal Institution mumsewu wa Albemarle, malo amene ndinkafunitsitsa kuti mwanayu aone. Michael Faraday, amene anayamba ngati mnyamata womata mabuku, anagwira ntchito m'nyumba imeneyi n'kutulukira mmene maginito amapangira magetsi. Koma munthu yemweyo ndiye anayambitsa mu 1825 maphunziro a ana a pa Khirisimasi, omwe akuchitikabe mpaka lero, ndipo iye mwini anaphunzitsapo zaka 19. Wasayansi wamkulu wa nthawi yake anaona kuti n'koyenera kuimirira pamaso pa ana n'kuwafotokozera za kandulo, maphunziro asanu ndi limodzi athunthu. M'nyumba yomweyi John Tyndall anavutika ndi funso la mwana aliyense, loti bwanji kumwamba kuli kwa buluu. Lord Rayleigh anamaliza masamu ake mu 1871: kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yonse, koma mpweya umamwaza kuwala kwa buluu pafupifupi kasanu kuposa kofiira. Dzuwa likamalowa, kuwala kumadutsa mpweya wambiri, buluu n'kuthera m'njira, kutsala kufiira.

Usiku tinayatsa kandulo patebulo. Ndinamufunsa chimene chikuyaka. Anati chingwe. Achemwali anati phula. Onse anaphonya pang'ono. Kutentha kumasungunula phula, chingwe chimaliyamwa kupita nalo m'mwamba, kumeneko limasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ndiyo imayaka. Umboni wake ndi wosavuta: zimitsani kandulo, ikani machesi oyaka mu utsi woyera uja chapamwamba pang'ono, muona lawi likutsika mu utsiwo kukayatsanso chingwe. Anabwereza mpaka machesi anatsala pang'ono kutha. Lawi limaloza kumwamba chifukwa mpweya wotentha umakwera, ndipo m'chombo cha mumlengalenga, momwe kulibe kukwera ndi kutsika, limakhala lobulungira komanso labuluu. Achemwali anaseka n'kunena kuti akale aja ponena kuti safunsa anadya phula ankanena za iwo, amene akhala akuyatsa makandulo zaka zonsezi osadziwa chomwe chimayaka.

Lachisanu, m'sitima ya ku Paris

Mwana anakhala kuzenera kuti aone nsomba, poti sitimayi imadutsa pansi pa nyanja ya pakati pa England ndi France. Anaona mdima kwa mphindi pafupifupi 20, ndipo anakhumudwa ndithu.

Njirayi sidutsa m'madzi, imadutsa m'thanthwe la pansi pa madziwo, lomwe ndi choko chosakanikirana ndi dongo: chofewa kukumba koma chosalola madzi kudutsa. Ndi yotalika makilomita 50, mwa amenewo 38 ali pansi pa nyanja, ndipo pakuya kwambiri ndi mamita 75 kuchokera pamwamba pa madzi. Okumba ochokera mbali ziwiri anakumana pa 1 Disembala 1990, njira n'kutsegulidwa mu 1994. Pomutonthoza ndinamuuza za injiniya wachifalansa Albert Mathieu, amene mu 1802 anaganiza njira yotereyi ya ngolo za akavalo, younikira ndi nyale zamafuta, yokhala ndi chilumba pakati posinthira akavalo. Anayambadi kukumba cha m'ma 1880, koma Britain inaimitsa ntchito mu 1882 poopa kuti adani angadzadutse momwemo.

Tatulukira mbali ina wotchi itadumpha ola limodzi.

Loweruka, Paris

Mumsewu wa Vaugirard, moyang'anizana ndi nyumba ya Senate, pakhoma pali mwala wa mabo wolembedwa mizere. Anthu amangoudutsa. Ndi umodzi mwa miyala 16 yomwe boma linaika mumzindawu cha mu 1796 kuti anthu wamba aphunzire muyeso watsopano. Mwana anatambasula manja pamenepo n'kufunsa kuti anati mita ithere apa ndani, bwanji osati apo.

Kale ku France tauni iliyonse inali ndi miyeso yake, ndipo amalonda ndi eni minda ankaberapo anthu. Boma lachisinthiko, lomwe linabwera anthu ataukira ulamuliro wa mfumu, linati muyeso uchokere ku dziko lenilenilo, osati ku phazi kapena mkono wa mfumu: mtunda wochokera kunsonga ya kumpoto kwa dziko kukafika pa ikweta ugawidwe magawo 10 miliyoni, gawo limodzi likhale mita. Mu 1792 anatuma akatswiri awiri, Delambre ndi Méchain, kukayeza mtunda wa pakati pa Dunkirk ndi Barcelona, ndipo ntchitoyo inatha mu 1798. Inali nthawi ya nkhondo. Anthu akumidzi akaona mlendo pamwamba pa nsanja ya tchalitchi ali ndi zida zachilendo ankamutenga ngati kazitape, ndipo Delambre anagwidwa kangapo. Méchain anapeza kuti manambala ake a ku Barcelona sakugwirizana, anabisa, ndipo chinsinsicho chinamudya mumtima mpaka anamwalira ku Spain mu 1804 akuyezabe. Mita yomwe inatuluka inaperewera ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita. Palibe anaikonza. Kuyambira 1983 mita imayezedwa ndi liwiro la kuwala, lomwe ndi mamita 299,792,458 pa sekondi, koma kutalika kwake ndi komwe kuja, kuperewera kwake komwe.

"Nanga bwanji maola sanawachite khumikhumi?" Anayesa. Mu 1793 analamula tsiku la maola 10, ola la mphindi 100, ndi sabata ya masiku 10. Mawotchi ake alipo m'nyumba zosungira zakale. Koma wantchito amene ankapuma tsiku limodzi pa masiku 7 anapezeka akupuma limodzi pa masiku 10, ndiye mukhoza kudziwa mmene anailandirira. Napoleon anabwezeretsa kalendala yakale pa 1 Januwale 1806. Mphindi 60 zathuzi n'zochokera kwa Ababulo, ndipo zakhalitsa chifukwa 60 amagawika bwino pawiri, patatu, panayi, pasanu ndi pasanu n'kamodzi, zomwe 100 sangathe.

Kuchoka apo tinayenda pansi kupita ku Panthéon. Pakati pa nyumbayi mpira wachitsulo wolemera makilogalamu 28 ukulendewera pa waya wa mamita 67, n'kumapita uku ndi uku mwapang'onopang'ono. Léon Foucault anaupachika koyamba mu 1851 kuti anthu aone ndi maso kuti dziko limazungulira. Mwana anayang'ana kamphindi n'kunena kuti palibe chikuchitika. Ndinamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha: aloweze nambala yomwe mpirawo ukuloza, tikazungulire, tibwerenso. Titabwera patapita ola, unali utasuntha madigiri 11. Palibe anaukhudza. Mpira ukupitabe njira yake yomwe ija, chomwe chatembenuka ndi nyumba, pamodzi ndi Paris ndi ife tomwe. Kuno umamaliza kuzungulira pa maola pafupifupi 32, kunsonga ya dziko ungamalize pa tsiku limodzi, pa ikweta sungasunthe n'komwe.

Anakhala chete, kenako anati: "Ndiye tikuyenda panopa?" Makilomita pafupifupi 1,100 pa ola, kuloza kummawa. Sindinafunike kufotokoza chifukwa chake sitikumva, anayankha yekha kuti n'chimodzimodzi m'ndege muja.

Achemwali nawo ayamba. Anafunsa motsitsa mawu ngati n'zoona kuti madzi a m'sinki amazungulira mosiyana kumpoto ndi kummwera kwa ikweta. Mphamvu imeneyo ilipodi, ndipo ndi yomwe imachititsa kuti namondwe azizungulira mosemphana mbali ziwirizi. Koma sinki ndi yaing'ono kwambiri ndipo madzi amatha msanga, ndiye chomwe chimalamula ndi kapangidwe ka sinkiyo ndi mmene madzi analowera. Oonetsa alendo masewera a beseni pa ikweta amachita kupotoza madziwo okha.

Lamulungu, Paris

Nsanja ya Eiffel. Mzere wautali, mphepo yozizira, ndipo tili pamwamba ndinaona dzanja likulowa m'thumba. Ndinaligwira msanga. "Sindiponya, amalume, ndimangofunsa. Khobidi litagwa kuchokera pano lingaphe munthu?"

Kukanakhala kopanda mpweya, chinthu chogwa mamita 300 chikanafika pansi pa liwiro la makilomita oposa 270 pa ola. Koma khobidi ndi lopepuka ndiponso lophwatalala, limagwa likugudubuzika, ndipo pakangopita masekondi ochepa mpweya umalikaniza moti silithanso kuwonjezera liwiro. Lingapweteke, koma silingaboole mutu. Sipanala kapena bawuti ndi nkhani ina, n'chifukwa chake omanga amavala zipewa zolimba. Madontho a mvula nawonso amagwa kuchokera kutali kuposa nsanjayi, koma aakulu kwambiri sapitirira mamita 9 pa sekondi.

Chosangalatsa n'chakuti Gustave Eiffel mwiniwake ankachita zomwe mwanayu amalakalaka. Kuyambira 1903 ankagwetsa zinthu za maonekedwe osiyanasiyana kuchokera pa nsanjika yachiwiri, zikutsetsereka pa chingwe, n'kumayeza mmene mpweya ukuzikanizira. Mu 1909 anamanga chipinda chopemerera mphepo patsinde pa nsanjayi, ndipo opanga ndege oyambirira anapindula ndi manambala ake. Anali ndi chifukwa china: nsanja inamangidwa mu 1889 ndi chilolezo cha zaka 20 zokha, ndipo anafuna kusonyeza kuti ili ndi ntchito. Chomwe chinaipulumutsa kwenikweni ndi wailesi, asilikali ataona kuti pamwamba pake mpabwino kutumizira mauthenga.

Achemwali anawerenga penapake kuti nsanjayi imakula, ndipo ankayesa nthabwala. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, pang'ono zedi pa mita imodzi, koma pa mamita 300 kusiyana kwa chisanu ndi chilimwe kumafika masentimita pafupifupi 15. Dzuwa likawomba mbali imodzi, mbali imeneyo imatalika kuposa inzake, nsonga n'kupendekera kothawa dzuwa.

Potsika tinadzazana m'chikepe, mapewa kugundana. Chitangoyamba kuyenda, mawu aja anamveka: "Amalume, chingwe chitaduka, ine n'kudumpha titatsala pang'ono kufika pansi, ndingapulumuke?"

Ndinayamba kuwerengera. Chikepe chogwa mamita 50 chimafika pansi pa liwiro la mamita 31 pa sekondi, pamene munthu wamphamvu akadumpha amanyamuka pa mamita atatu pa sekondi. Ukachotsera, watsala ndi 28, ndipo denga la chikepe likukutsatira pamutu. Komanso pogwapo mapazi sakhala atatsamira pansi, ndiye podumphira pamasowa.

"Achimwene," anatero achemwali atagwiritsa chitsulo ndi manja awiri, "nkhani imeneyi mukaimalizire pansi."

Ndinaimaliziradi pansi. Chikepe sichilendewera pa chingwe chimodzi, ndipo chili ndi mabuleki amene amaluma njanji chikangothamanga mopitirira muyeso. Mu 1854, pa chionetsero ku New York, Elisha Otis anakwera pa thabwa lokwezedwa m'mwamba n'kulamula kuti chingwe chidulidwe ndi nkhwangwa anthu akuona. Thabwalo linatsika pang'ono n'kuima. Kampani yake ndi imodzi mwa zomwe zinaika zikepe mu nsanja ino mu 1889. Achemwali anamvetsera zonse, kenako ananena kuti ulendo wina adzatsika pa masitepe.